Zilembo za Paminibasi ya ku Nsungwi

Kwa zaka zingapo, m'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi imodzi yomweyomweyo pochoka kwathu ku Area 25 kupita kuntchito. Inali Toyota HiAce yachikasu, yotopa ndithu, yomwe chitseko chake chinkatsekeka pokhapokha kondakitala achimenye ndi phewa. M'mbali mwake munali kachithunzi ka kalulu ndi zilembo zofiira za ku Japan. Aliyense wokwerera pa Nsungwi ankaidziwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chimene zilembozo zinkanena. Tsiku lina nditamufunsa kondakitala, iye adandiyankha mosaphethira n'komwe kuti, "Bwana, pamenepo adalemba kuti zonse ndi Mulungu." Tonse tidaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zoona zake ndidadzazidziwa m'chaka cha 2016. Kuntchito kwathu kudabwera mtsikana wina wa ku Japan, mmodzi mwa achinyamata ogwira ntchito mongodzipereka amene bungwe la JICA lakhala likutumiza kuno kuyambira mu 1971. Loweruka lina banja langa lidamuitana kuti adzadye nafe nsima, ndipo mwamwayi tidakwera yachikasu ija. Asadalowe adaima, n'kuyamba kuseka atagwira pakamwa. Ndidamufunsa chomwe chidamuseketsa. Iye adaloza zilembo zija chimodzichimodzi akuwerenga: yo, u, chi, e, n. "Abambo," adatero m'Chichewa chake chothyokathyoka, "galimoto iyi ndi ya sukulu ya mkaka." Zaka zonsezo ife amuna a mataye, ena a imvi kale, tinkapita ku Capital Hill m'galimoto ya ana a mkombaphala.

Kuseka kutatha, chidanditsalira m'mutu ndi kawerengedwe kake. Mtsikanayo sadawerenge monga tiwerengera Chingerezi. Chilembo chilichonse chinali phatikizo lathunthu. Titatha kudya adatenga pepala n'kundilembera mndandanda wake: a, i, u, e, o, kenako ka, ki, ku, ke, ko, kenako sa, shi, su, se, so. Ndidangoti kukamwa yasa. Nyimbo imeneyi ndinkaidziwa. Ndiyo tinkaimba pansi pa mtengo ku Kawale ndili Sitandade 1, aphunzitsi akuloza pabolodi ndi kamtengo, ife tikukuwa a, e, i, o, u, ba, be, bi, bo, bu mpaka kukhosi kuuma. Malembo a liwu athu ndi 5, awonso ndi 5 omwewo, kungoti adawandandalika mosiyana. Mawu athu amathera pa lembo la liwu, awonso chimodzimodzi, kupatula akathera pa n.

Kufanana sikudathere pomwepo. Ife titalandira mawu a Chingerezi tidawasula kuti akwane m'kamwa mwathu, n'kukhala supuni, basi, buku. Iwonso adasula chimodzimodzi: supuni amati supuun, basi amati basu. Ife l ndi r sitizisiyanitsa kwenikweni polankhula, n'chifukwa chake malamulo a kalembedwe amachita kutiuza kuti r abwere pambuyo pa e ndi i. Iwonso ali ndi liwu limodzi lokha pamenepo, kotero dzina la dziko lathu amalilemba ndi zilembo 4: ma, ra, u, i. Ziyankhulo ziwirizi si zapachibale, ndipo tisanamizane kuti makolo athu adamwera chitsime chimodzi. Koma funso lidandigwira: anthu amene chiyankhulo chawo chimayenda m'maphatikizo ngati chathu adapeza bwanji zilembo zawozawo, pamene ife timalemba ndi zobwereka? Safunsa adadya phula. Ndidayamba kuwerenga mbiri yake, ndipo zimene ndidapeza sizinali zimene ndinkayembekeza.

Ajapani nawonso adayamba ndi kubwereka. Kale analibe kalembedwe. Luso lolemba lidafika kwawo kuchokera ku China, kudzera ku Korea, cha m'zaka za m'ma 400, ndipo lidazika mizu chipembedzo cha Chibuda chitalowa m'zaka za m'ma 500. Zilembo za Chitchaina, zomwe iwo amazitcha kanji, sizili ngati zathu. Chilichonse chimaimira liwu lokhala ndi tanthauzo: china phiri, china madzi, china munthu. Ku China zimenezi zinkayenda bwino chifukwa mawu awo sasintha maonekedwe. Koma Chijapani chili ngati Chichewa pa nkhani ya aneni. Ife timati dya, dyetsa, dyedwa, dyera, dyetsana. Iwonso amalumikiza timagawo kumapeto kwa mneni posonyeza nthawi, kukana ndi ulemu. Chilembo chimodzi chotanthauza kudya sichingasenze zonsezo. Choncho kwa zaka zambiri munthu wophunzira wa ku Japan ankalankhula Chijapani koma polemba ankalemba Chitchaina. Malamulo a boma, mbiri ya mafumu ndi mabuku a chipembedzo zonse zinali m'chiyankhulo cha eni.

Vuto lidakula pofuna kulemba mayina a anthu, mayina a malo ndi ndakatulo. Ndakatulo simungaitembenuze osaipha. Apa alembi adapeza nzeru: kutenga chilembo cha Chitchaina, kutaya tanthauzo lake, n'kusunga kamvekedwe kokha. Pofuna kulemba yama, kutanthauza phiri, ankatha kutenga chilembo cha usiku chomwe chinkamveka ya, n'kuphatikiza ndi chilembo cha chomera china chopotera zingwe chomwe chinkamveka ma. Zili ngati munthu wa mumsika wa Chinsapo atajambula mtengo wa masamba pathumba la makala pofuna kunena mtengo wogulira. Njira imeneyi imapezeka m'buku la Kojiki la m'chaka cha 712, ndiponso m'buku lalikulu la ndakatulo zoposa 4,500 lotchedwa Man'yoshu, lomwe lidasonkhanitsidwa chitapita chaka cha 759. Inali njira yolemetsa. Phatikizo limodzi linkatha kulembedwa ndi zilembo zosiyanasiyana malinga ndi kukonda kwa mlembi, ndipo chilembo chilichonse chinali ndi mizere yambiri.

Kutopa kwa dzanja ndiko kudabala zilembo zatsopano, ndipo kudabala mapasa. Likulu la dziko litasamukira ku Heian, komwe lero ndi Kyoto, m'chaka cha 794, ansembe a Chibuda ankaphunzira mabuku a Chitchaina akulemba timawu tothandiza kuwerenga m'mipata yopapatiza ya pakati pa mizere. Malo anali ochepa, mphunzitsi akuthamanga. Iwo adayamba kubenthula kachidutswa kokha ka chilembo, mwina dzanja lamanzere, mwina denga lake. Zidutswa zimenezi ndizo zidasanduka katakana, zilembo zangodyangodya zowongoka ngati timitengo ta machesi. Pa nthawi yomweyo anthu olemberana makalata ndi ndakatulo ankalemba chilembo chonse, koma mothamanga, burashi osaichotsa papepala, mpaka mizere yambiri idasungunuka n'kukhala kamzere kamodzi kokhotakhota. Izi ndizo hiragana, zomwe zinali paminibasi ija. Chilembo chawo cha a chidachokera ku chilembo cha Chitchaina chotanthauza mtendere. Nthano imati wansembe wotchuka Kukai ndiye adapanga hiragana, koma akatswiri a mbiri amaikana. Palibe munthu mmodzi adazipanga, ndipo palibe mfumu idalamula. Zidapangika m'manja mwa anthu ambiri amene anali ndi zoti alembe.

Zilembo zitapezeka, amuna ophunzira adazinyoza. Mwamuna wa udindo ankayenera kuonetsa kuti amadziwa Chitchaina, ndipo hiragana adaipatsa dzina loti onnade, kutanthauza dzanja la akazi. Akazi a kunyumba ya mfumu sankayembekezeredwa kuonetsa maphunziro a Chitchaina. Murasaki Shikibu adasimba m'buku la zochitika pa moyo wake kuti ali mwana ankamvetsera mlongo wake akuphunzitsidwa Chitchaina, iye n'kumagwira msanga kuposa mnyamatayo, mpaka bambo ake adadandaula kuti sadabadwe mwamuna. Atakula ankabisa kuti amachidziwa. Mkazi ameneyu, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1000, adalemba Genji Monogatari, nkhani yaitali ya mitu 54, makamaka m'dzanja la akazi lija. Mnzake wa nthawi yomweyo, Sei Shonagon, adalembanso buku lake m'zilembo zomwezo. Ndakatulo za Chitchaina zimene nduna zinkanyadira lero zimawerengedwa ndi akatswiri owerengeka, pamene buku la Murasaki lidatembenuzidwa m'ziyankhulo zambiri, ndipo m'chaka cha 2000 boma la Japan lidaika chithunzi chake pa ndalama ya pepala ya 2,000 yen.

Koma munthu amene adandikhudza kwambiri m'mbiri yonseyi ndi mwamuna, wogwira ntchito m'boma ngati ine. Dzina lake ndi Ki no Tsurayuki. Anali mlakatuli wodziwika, ndipo cha m'ma 905 adatsogolera ntchito yosonkhanitsa ndakatulo za Chijapani molamulidwa ndi mfumu. M'chaka cha 930 adatumizidwa kukakhala bwanamkubwa wa chigawo cha Tosa, pachilumba cha Shikoku. Ali komweko mwana wake wamkazi adamwalira. Nthawi yake itatha adabwerera ku likulu pa ulendo wa masiku 55, wambiri wake wapanyanja, mwana atamusiya m'manda a kuchilendo. Akuluakulu a boma a nthawi imeneyo ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'Chitchaina: za misonkhano, za miyambo, za nyengo. Tsurayuki adafuna kulemba za ulendowo ndi za chisoni cha m'ngalawamo, ndipo adasankha chiyankhulo chimene ankalankhula ndi mwana wake. Kuti atero adadzibisa. Buku lake la Tosa Nikki, la cha m'ma 935, adalilemba ngati kuti wolemba ndi mkazi wina wa pagulu la apaulendowo. Bwanamkubwa wathunthu adavala chitenje cha mawu kuti apeze polirira.

Nditawerenga zimenezi ndidakumbuka chaka cha 2009, pamene bambo anga adatisiya. Kalata yopempha tchuthi ndidailemba m'Chingerezi m'mphindi zochepa, pakuti ndiyo ntchito yanga. Zaka zoposa 20 ndakhala ndikulemba mamemo, maminitsi ndi malipoti m'Chingerezi, ngakhale msonkhano utachitika m'Chichewa kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Koma achibale atandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu yoti ikawerengedwe kumanda, Chingerezi chidandithawa. Ndidayesa Chichewa, n'kupeza kuti dzanja langa silidachizolowere. Adandipulumutsa ndi amayi anga, amene adalekezera Sitandade 4. Adalowa kuchipinda kwawo ku Biwi n'kutulutsa makope akale omangidwa ndi kansalu. M'menemo munali zonse: tsiku limene adakwatirana, tsiku limene bambo adayamba ntchito, masiku athu obadwa, chaka cha njala ya 2002 ndi mayina a amene adatigawira ufa, ngongole, zopereka za pamaliro, ngakhale mawu amene bambo adanena m'chipatala. Zonse m'Chichewa choyera, cholembedwa ndi bolopeni mwa phatikizo ndi phatikizo. Mbiri ya banja lathu idasungidwa ndi dzanja la akazi, pamene ine wa madigiri ndinkasunga mafayilo a boma.

Tibwerere ku Japan pang'ono, chifukwa nakonso mayesero adabwera. Dzikolo litakumana ndi mphamvu za Azungu m'zaka za m'ma 1800, ena mwa ophunzira adaganiza kuti kalembedwe kawo ndiko kankawabweza m'mbuyo. Maejima Hisoka, amene pambuyo pake adakhazikitsa ntchito za mtengatenga wa makalata, adapempha mu 1866 kuti kanji zithetsedwe. Mori Arinori, yemwe adadzakhala nduna ya maphunziro, adafika poganiza mu 1872 zoti dziko litenge Chingerezi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, gulu la akatswiri a maphunziro ochokera ku America lidalangiza mu 1946 kuti Chijapani chizilembedwa ndi zilembo za Chiroma, zomwe ife tikugwiritsa ntchitozi. Malangizo onsewa sadatsatidwe. Chimene boma lidachita ndi kusesa m'nyumba. Mu 1900 lidakhazikitsa kuti m'sukulu phatikizo lililonse likhale ndi chilembo chimodzi chokha. Mu 1946 lidakonza kalembedwe kuti kagwirizane ndi kalankhulidwe ka masiku ano, ndipo lidachepetsa kanji za tsiku ndi tsiku kufika pa 1,850. Mndandanda wa mu 2010 uli ndi 2,136.

Lero mwana wa ku Japan amayamba ndi hiragana, zilembo 46, kenako katakana, 46 zinanso. Timizere tiwiri pamwamba timasandutsa ka kukhala ga ndi ta kukhala da, ndipo kampira kakang'ono kamasandutsa ha kukhala pa. M'zaka 6 za pulayimale amaphunzira kanji 1,026. M'chiganizo chimodzi mitundu itatu yonseyi imagwira ntchito limodzi: kanji imanyamula tsinde la liwu, hiragana imanyamula timagawo ta galamala, katakana imalemba mawu obwereka ndi mayina achilendo. N'kalembedwe kovuta, ndipo eni ake amavomereza. Komabe injiniya amene adapanga HiAce ija adaphunzira masamu ndi sayansi m'chiyankhulo cha amayi ake.

Nanga ife tidayenda bwanji? Mbiri ya Chichewa cholembedwa ili ndi munthu wa kuno kwathu amene ambiri sitimudziwa. Dzina lake ndi Salimini. Adagwidwa ukapolo n'kukapezeka kufupi ndi Mombasa, komwe mu 1853 adakumana ndi mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann. Kuchokera pakamwa pa Salimini, Rebmann adasonkhanitsa mawu amene adadzasindikizidwa mu 1877 ngati dikishonale ya Kiniassa, ndipo ofufuza atalondola mayina a malo amene iye adatchula adapeza kuti kwawo kunali m'dera lino la Lilongwe. Kunyanja, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa mafumu ena a Chiyao, kunali alembi olemba Chiswahili m'zilembo za Chiarabu. Koma zilembo zimene zidafala ndi za amishoni. David Clement Scott wa ku Blantyre adatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Baibulo lonse, lomwe ntchito yake adatsogolera ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma mothandizana ndi aphunzitsi a kuno, lidatha mu 1922. Mu 1933 Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa kuno ku Chigawo Chapakati, adalemba Nthondo. Mu 1968 Chichewa chidakhala chiyankhulo cha fuko, mu 1972 kudakhazikitsidwa Chichewa Board yomwe idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, ndipo mu 1996 ntchitoyo idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba.

Pa ulendo wonsewu nafenso tidasula zobwereka, ngakhale sitizindikira. Mzungu akaona ph amatchula f, ife timatchula phiri. Tidaika h pambuyo pa p, t ndi k kuti tisiyanitse kupa ndi kupha, kutemba ndi kuthemba. Tidaika kankhodolero pa ng' kuti ng'oma isafanane ndi ngoma, nyama ya m'tchire. Tidaveka w kachipewa, ngakhale ambiri lero sakavekanso. Chimene sitidachipezere malo ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba mofanana. Khungu la pathupi ndi khungu la m'maso n'chimodzimodzi. Wowerenga amachita kuyembekeza chiganizo chonse kuti adziwe.

Pali Mmalawi mmodzi amene sadakhutire ndi kusula kokha. Nolence Moses Mwangwego adabadwa mu 1951 ku Mwinilunga m'dziko la Zambia, koma kwawo ndi ku Karonga. Adakhala mphunzitsi wa Chifalansa ku Blantyre. Mu 1977 adapita ku Paris, komwe adaona kuti mitundu yambiri ya anthu ili ndi zilembo zawozawo. Adadzifunsa kuti, ngati makolo athu sankalemba, mawu akuti kulemba m'Chichewa ndi kusimba m'Kyangonde adachokera kuti? Funsoli si lopanda pake kwa aliyense amene adaonapo zojambula za pamatanthwe a Chongoni ku Dedza, zomwe bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mu April 1979 Mwangwego adayamba kupanga zilembo za ziyankhulo za m'Malawi. Adazikonza, kuzifufuta ndi kuzikonzanso kwa zaka 18, mpaka adazionetsa kwa anthu mu April 1997. Ophunzira oyamba adayamba kuwaphunzitsa mu 2001, ndipo adapitiriza kuwongolera zina mpaka 2003.

Iye adakumana ndi vuto limene Ajapani alibe. Maphatikizo awo ndi ochepa komanso osavuta, koma athu ndi ankhaninkhani: mphwa, ntche, ng'o, psa, bza, nkhwa. Kupanga chilembo chosiyana pa lililonse kukadakhala kusenzetsa ana mtolo wosanyamulika. Choncho adapanga zilembo zikuluzikulu 32 zotchedwa misisi, chilichonse chili kale ndi a m'kati mwake: ba, cha, da, fa. Pofuna be, bi, bo kapena bu, mumalumikiza kachizindikiro ku musisi womwewo. Mukatero mwapeza maphatikizo 160. Kenako pali tizizindikiro tina totchedwa mituyo, tomwe timawonjezera m kapena n kutsogolo, mpweya wa h, kapena w, kuti pa asanduke pha, mpha, mphwa. Adaikanso kachizindikiro ka kukwera kwa liwu, kotero mitengo iwiri ija imasiyana papepala. Apa kalembedwe kake kamasiyana ndi ka ku Japan, komwe ka, ki ndi ku safanana m'pang'ono pomwe, ndipo kamayandikira ka ku Ethiopia. Sadali woyamba mu Africa. Momolu Duwalu Bukele adapangira anthu a Chivai ku Liberia zilembo za maphatikizo cha m'ma 1830, ndipo Mfumu Njoya ya Abamum ku Cameroon idayamba zake cha m'ma 1896. Koma kuno kwathu adali yekha, wopanda mfumu kumbuyo kwake.

Pofika 2012, anthu amene adaphunzira zilembo za Mwangwego anali pafupifupi 400. Sizidalowe m'sukulu za boma. Ndikayenda m'misika ya Mgona, Area 23 kapena Kawale sindidaonepo chikwangwani cha okala kapena saluni cholembedwa m'zilembo zimenezi, pamene za ku Japan zili pa minibasi iliyonse yachitatu. Ena amati ntchito yakeyo inali kutaya nthawi. Ine sinditero. Munthu amene adakhala zaka 18 akumvetsera mmene Amalawi amatchulira mawu, n'kupeza njira yolembera zimene zilembo za Chiroma zidalephera, ayenera ulemu, ndipo mwana aliyense wa sukulu ayenera kumva dzina lake. Akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo nkhawa imeneyi ndi imene idamudzutsa.

Komabe mbiri ya ku Japan idandiphunzitsa kuti nkhani yagona pena. Hiragana inali yobwereka kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Idasanduka yawo chifukwa anthu adalembamo makalata a chikondi, madandaulo, nthano ndi maliro kwa zaka mazanamazana, mpaka mwini nkhwangwa sakadaizindikiranso. Boma lidabwera pambuyo penipeni, patapita zaka pafupifupi 1,000, kudzangolongosola zimene anthu adazipanga kale. Zilembo za Mwangwego zikusowa Murasaki wake, munthu wolemba buku lokoma kwambiri moti anthu aphunzire zilembozo n'cholinga choti aliwerenge. Koma tisathamangire kumumvera chisoni, chifukwa Chichewa cha zilembo za Chiroma, chomwe tonse timachidziwa, nachonso chikusowa olemba. Malamulo a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Wolephera Chingerezi salandira setifiketi ya Fomu 4 ngakhale atakhoza Chichewa bwanji. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1. Chingerezi ndicho Chitchaina chathu, ndipo Chichewa tachisiyira amayi a m'makope.

Pa mlandu umenewu ine sindili mboni chabe. Mwana wanga wamkazi ndidamulembetsa pasukulu ina yolipira, komwe wopezeka akulankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo. Ndinkadziwa, ndipo ndinkalipira fizi mosangalala. Alendo akabwera ndinkamuitana kuti awalankhule Chingerezi, ine n'kumamwetulira. Ali ndi zaka 11 tidapita ku Biwi, ndipo agogo ake, maso atayamba kuchita chidima, adamupatsa limodzi la makope aja kuti awawerengere tsiku limene mdzukulu wawo woyamba adabadwa. Mwanayo adayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Adayesa liwu loyamba kawiri, akulitchula ngati Mzungu wa kutchalitchi. Kenako adandiyang'ana n'kunena chapansipansi, "Adadi, sindikutha." Amayi sadanene kanthu. Adangolandira kope lawo n'kulimanganso ndi kansalu kaja. Kukhala chete kwawoko kudandilasa kuposa mawu.

Usiku womwewo ndidatenga pepala n'kulemba a, e, i, o, u, pansi pake ba, be, bi, bo, bu. Tidayamba pomwe ine ndidayambira pansi pa mtengo ku Kawale. Sizidatenge nthawi, pakuti chiyankhulocho chinali kale m'kamwa mwake, chinkangosowa njira yopitira kudzanja. Pasanathe miyezi iwiri ankawerenga mphwa ndi nkhwa osapunthwa. Ndidamuonetsanso pepala lija la mtsikana wa ku Japan ndi misisi ya Mwangwego yomwe ndidakopera, ndipo adasankha kulemba dzina lake m'mitundu yonse itatu pachikuto cha kope lake. Inenso ndidayamba kulemba m'Chichewa madzulo ndikaweruka, ndipo chimangirizo chino ndi chimodzi mwa zipatso zake. Mwayi wanga ndi wakuti sindifunika kudzibisa ngati Tsurayuki. Chondiletsa chinali manyazi anga okha.

Minibasi yachikasu ija idasiya kuyenda. Ndidaiona komaliza ku Biwi Triangle itakhala pamiyala, matayala ndi injini atachotsa, kalulu uja atasuluka ndi dzuwa, koma zilembo zofiira zikuonekabe. Kuchokera pamenepo ndidayenda wapansi kupita kwa amayi. Ndidapeza atakhala pakhonde, mdzukulu wawo ali pambali ndi bolopeni. Maso awo salolanso kulemba, choncho iwo amanena, iye amalemba. Tsiku limenelo ankalembetsa za mvula yoyamba, mtengo wa thumba la feteleza, ndi dzina la mwana amene adabadwa kwa aneba. Nditasuzumira ndidaona kuti kope lake ndi latsopano, la masamba 96, ndipo anali atafika kale pakati.